Bentley Continental GT yakale: ndigule kapena ndisiye?

Funso: Amisiri, ndapeza Bentley Continental GT ya 2006 ikugulitsidwa. Ndimayenda maulendo ataliatali, ndipo ndili ndi mkazi ndi ana awiri achisodzera. Kodi ingakhale galimoto ya banja?

Yankho: Bambo, ndiyambe ndi anawo. Kumbuyo kuli mipando iwiri yachikopa chofewa, koma kutsogolo kukakhala munthu wamtali, wakumbuyo mawondo amakanikizika. Mwana wamng'ono akhoza kupirira. Wachisodzera, likangotha ola limodzi, miyendo imachita dzanzi. Buti nayo si yaikulu: masutikesi awiri ndi kachikwama, yadzaza.

Mukakhala awiriwiri ndi mayi, apo ndiye mungaimve kukoma. Galimotoyi, yomwe inayamba kupangidwa mu 2003 ku Crewe, m'dziko la England, anaikonzera ulendo wautali. Injini yake ndi W12 (ya masilinda 12 oyalidwa ngati chilembo W) ya malita 6 yokhala ndi ma turbo awiri, ndipo mphamvu imapita kumatayala onse anayi. Imalemera pafupifupi makilogalamu 2,400, komabe imafika liwiro la makilomita 100 pa ola m'masekondi osakwana 5. Chimene chimandisangalatsa ine si liwirolo ayi, koma bata lake. Mukapondako pang'ono kuti mupitirire lole, imangosendera ngati sikuvutika, m'kati muli zii, mukucheza osakweza mawu. Pamakona akuthwa mpamene kulemera kuja kumamveka m'manja.

Musanapereke ndalama, pemphani kuti galimotoyo igone usiku umodzi pamalo osalala. M'mawa muyang'ane mpata wa pakati pa tayala ndi bodi, mbali zonse zinayi. Galimotoyi imakhala pa mashoki a mpweya, ndipo akakalamba amatayitsa mpweyawo. Mukaona ngodya imodzi yagwada, dziwani kuti pali ntchito. Mukailiza, tcherani khutu: pampu ya mpweya ikamangolira osapuma, yatopa ndi kudzaza chinthu chobooka.

Chinanso ndi kuthinana kwa mu boneti. Dzanja sililowa n'komwe. Timapaipi tina tili kuseri kwa injini, moti kachinthu kotchipa kakang'ambika, nthawi zina makaniko amayenera kutsitsa injini yonse kuti akafike. N'chifukwa chake ndimalimbikira mabuku a sevisi. Ngati mwiniwake alibe, musagule.

Mafuta imamwa kwambiri, makamaka m'tauni. Matayala ndi mabuleki nazonso sizichedwa kutha chifukwa cha kulemerako.

Ngati pakhomo pali galimoto ina yonyamula ana, iyi ikhale ya maulendo a inu ndi mayi. Ngati mukufuna imodzi yokha, funani ya zitseko zinayi.