Lankhulani, musamusiye yekha mayi wamasiyeyo

Amayi, mwafunsa ngati mulankhule kapena mukhale chete poona mnzanu wamasiye akulandidwa katundu. Lankhulani ndithu. Kukhala chete pamene abale a malemu akulanda nyumba ndi katundu wa mnzanu wa mumpingo si kufatsa kwachikhristu ayi. Ndi kumutaya pa nthawi imene akukufunani kwambiri.

Miyambo 31:8-9 imatiuza kuti titsegule pakamwa m'malo mwa amene sangathe kudzilankhulira. Mneneri Natani anapita kwa mfumu Davide n'kumuuza maso ndi maso tchimo lake pa nkhani ya Uriya, ngakhale mfumuyo inali ndi mphamvu zomupha. Mantha anu ndikuwamvetsa, chifukwa anthu adzati mukulowerera za pabanja. Koma olandawo amadalira mawu omwewo.

Kwathu ndinaona abale akukweza pa ngolo matumba a chimanga, makina osokera, mpaka mabulangete, ana akuyang'ana pakhonde. Amayi a Mvano anafika n'kukhala pansi pakhomopo, ena anakaitana amfumu ndi abusa. Panalibe kutukwana. Anangofunsa kuti anawa adya chiyani, ndipo katunduyo anatsitsidwa.

Musapite nokha, ndipo yambani mwamufunsa mwini wake chimene akufuna, poti iye ndi amene adzatsale pakati pa abalewo. Dziwaninso kuti kulanda chuma chamasiye ndi mlandu m'Malawi muno, malinga ndi lamulo la 2011. Ngati pali kumuopseza kapena kumumenya, muperekezeni ku Victim Support Unit ya apolisi lero lomwe. Za nyumba ndi mapepala ake akaonane ndi loya kapena a Legal Aid Bureau (bungwe la boma lothandiza anthu pa nkhani za malamulo), ndipo asasaine chilichonse asanalandire uphungu.