Marimu a 20 pa Hilux yolowa ku munda? Achimwene, tikambirane kaye

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa m'bale wina wa ku Salima. Ali ndi Toyota Hilux imene amayendera tsiku ndi tsiku popita ku ntchito pa Kamuzu Road, ndipo Loweruka amalowa nayo ku munda mbali ya ku Khombedza. Matayala atha. Akufunsa ngati angachite bwino kugula marimu akuda a mainchesi 20 n'kuvekapo matayala a matope, aja a mano akuluakulu. Kalatayi ndaiwerenga katatu, ndipo ulendo uliwonse mtima wanga umabwerera ku usiku wina umene sindikonda kuukumbuka. Pepani achimwene, ndiyamba ndi umenewo.

Galimoto yanga yoyamba inali pikapu yakale yokoka ndi matayala onse anayi. Ndinaigula ili kale ndi marimu akuluakulu onyezimira, matayala ake opyapyala m'mbali, ndipo kunena zoona marimuwo ndi amene anandikopa. Ndikaiimika pa boma ku Nkhotakota anyamata a kabaza ankabwera kudzaizungulira. Mu February chaka chimenecho mlongo wanga anandiimbira usiku kuti amayi adwalika kumudzi, mbali ya ku Mwansambo, thupi latentha ndipo sakuyankhula bwino. Mvula inali ikugwa kuyambira masana. Ndinasiya tara wa M5 n'kulowa msewu wafumbi, ndinafika bwinobwino, tinawanyamula amayi n'kuwagoneka pa mpando wakumbuyo, mutu pamiyendo pa mlongo wanga.

Pobwerera m'pamene zinavuta. Panali chithaphwi chimene popita ndinachilambalala, koma tsopano ndinali ndi changu. Pansi pa madzi panali dzenje, m'mphepete mwake mwala. Galimoto inagunda mwamphamvu moti ndinamva m'mano. Rimu yakutsogolo kumanzere inang'aluka, mpweya wonse n'kutuluka nthawi yomweyo. Ndinatsitsa sipeya, ndinakhazika jeke pa thabwa, koma sipanala ya galimoto inakana kulowa m'mabowo a rimu. Marimu ambiri ogula padera ali ndi mabowo opapatiza, amafuna soketi yopyapyala, ndipo ine ndinalibe. Miyezi isanu ndinayenda nayo galimoto ija osayesapo n'kamodzi komwe kumasula nati.

Tinakhala pamenepo maola atatu. Bambo wina wa nyumba yapafupi anatuluka ndi tochi, anadzutsa mwana wake amene anali ndi njinga yamoto, mwanayo n'kupita pa msika kukagogoda kwa makaniko. Nthawi yonseyo ndinkamva amayi akubuula m'galimoto, mlongo wanga akuwapukuta ndi chitenje chonyowa, ine nditangoima m'matope wopanda chochita. Tinafika kuchipatala kukucha. Anali malungo, anachira, alipo mpaka lero. Koma marimu aja ndinawagulitsa sabata yomweyo, ndipo kuyambira pamenepo ndikaona pikapu ya kuno kunyanja itavala marimu otero mtima umandiwawa.

Chimene sindinkadziwa ndi ichi. Tayala lonse, kuchokera pansi kufika pamwamba, kutalika kwake sikusintha kwenikweni mukasintha rimu, chifukwa liyenera kukwanabe m'malo mwake. Rimu ikakula, chimachepa ndi mphira wa m'mbali. Tengani tayala la 265/65R17 (17 yo ndi mainchesi a rimu) limene ma Hilux ambiri amabwera nalo: mphira wa m'mbali ndi pafupifupi mamilimita 172. La 265/50R20 kutalika kwake konse n'kofanana nalo, koma m'mbali mwatsala mamilimita 132 okha. Masentimita 4 amenewo ndi amene amayamba kulandira nkhonya ya dzenje isanafike pa rimu, pa mashoko ndi pamsana panu. Pa msewu wa ku Khombedza, ngakhale pa M5 penipeni pamene tara wadyeka m'mbali, masentimita 4 ndi ambiri. Ndiye munthu apereke ndalama zambiri kuti amuchotsere chitetezo? Pamutu ndalemba kuti tikambirane, koma pa marimu a 20 palibe zokambirana. Musagule.

Za matayala a matope, amene amalembedwa M/T, ndinenako zabwino zake poyamba, chifukwa zilipo. Dothi la makande likanyowa limamatirira, limadzaza mipata ya tayala wamba mpaka tayalalo limasalala ngati sopo, galimoto n'kumangovina pamalo amodzi. Mano a M/T ndi otalikirana, ndiye tayala likamazungulira limataya matopewo n'kugwiranso pansi. Munthu amene amagona ku munda dzinja lonse, wokoka matumba a mpunga ku Lifuwu kapena wolowa m'minda ya nzimbe ku Dwangwa tsiku lililonse, ameneyo agule, sindimuletsa. Koma inu achimwene werengani masiku anu. Masiku asanu pa sabata muli pa tara. Mvula kuno imayamba cha mu November kapena December n'kutha cha mu April, ndipo si Loweruka lililonse limene msewu umakhala phala. Masiku ena onsewo M/T amalira ngati ndege, amadyeka mosiyanasiyana, amamwetsa mafuta ambiri chifukwa ndi olemera, ndipo tonse tikudziwa kuti kugona pa mzere wa dizilo kumatanthauza chiyani. Choopsa kwambiri n'chakuti pa tara wonyowa sagwira bwino ngati anzake. Mukamatsika zitunda za ku Mvera pa M14 kuchokera ku Lilongwe, mvula ikugwa, mbuzi n'kudumphira mumsewu, mudzafuna tayala loima msanga, osati looneka loopsa. Ambiri ogula M/T kuno amagulira maso a anthu, ndipo ine ndikunena zimenezi chifukwa nanenso marimu aja ndinagulira maso a anthu.

Pali china chimene simunafunse koma ndikudziwa kuti chili panjira: mukamva mtengo wa matayala atsopano, wina adzakulozerani a kaunjika. Ndimamvetsa, ndalama ndi yovuta. Koma mphira umakalamba ngakhale mano akadali aatali. M'mbali mwa tayala muli malembo oyamba ndi DOT, ndipo manambala anayi omalizira amanena sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 m'chaka cha 2019. Opanga matayala ambiri amati likakwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino. Komanso m'milu ya kaunjika mumapezeka matayala opangidwira mayiko a chisanu, ena olembedwa kuti studless, ochokera ku Japan. Mphira wake ndi wofewa, anaupangira chipale chofewa cha kumeneko. Muuike pa tara wa Salima mu October masana, pamene ngakhale wovala nsapato amamva kutentha kumapazi, muone mmene udyekere msanga. Ndinaonapo galimoto itagona m'mbali mwa msewu pafupi ndi Chia, tayala lakumbuyo litasenda ngati nthochi, azimayi atakhala pansi akutola tomato wawo. Yang'anani ming'alu ing'onoing'ono m'mbali, yang'anani zotupa, lowetsani dzanja mkati mumve zigamba. Chigamba cha m'mbali musachikhulupirire ngakhale wogulitsa alumbire.

Mchenga nawo ndi nkhani ina. Anthu ambiri amene amatitimira ku Senga Bay sikuti matayala awo ndi oipa, koma amalowa mumchenga atapopa gwa, kenako n'kuponda moto, galimoto n'kudzikumbira manda. Mumchenga mumachepetsa mpweya, kufika cha pa 1.5 bar, kuti tayala litambalale pansi, n'kumayenda pang'onopang'ono osakhota mwadzidzidzi. Apanso rimu yaikulu imakulepheretsani, chifukwa palibe mphira woti utambalale. Mukangobwerera pa tara popaninso, poti tayala lochepa mpweya likamathamanga limatentha mpaka kuphulika. Kapampu kolumikiza ku batire ndi kageji kanu koyezera mpweya n'zotchipa kuposa rimu imodzi.

Manambala oti muwaone musanalipire

Tsegulani chitseko cha dalaivala, pa chimango pali kapepala konena saizi ya matayala ndi mpweya wake. Yambirani pamenepo. Mukafuna kukweza pang'ono, kunena kuchoka pa 265/65R17 kupita pa 265/70R17, dziwani kuti tayala lakula ndi pafupifupi 3 peresenti: spidomita ikamati 80 inu mukuthamanga cha pa 83, galimoto imalemerako pokwera, ndipo muyese kukhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto kuti muone ngati silikukhula. Nambala yotsatira saizi ndi ya katundu amene tayala limodzi linganyamule: 112 ndi makilogalamu 1,120. Musatsike pa imene wopanga galimoto analemba, makamaka inu onyamula feteleza. Ngati rimu ina yapindika moti muyenera kugula, ya Hilux yokoka konse ndi ya mabowo 6, muyeso wake 6x139.7, bowo lapakati mamilimita 106.1. Ya Ford Ranger mabowo ake amafanana koma bowo lapakati ndi laling'ono, sikhala. Marimu otulukira kunja kwambiri amaponya matope m'magalasi ndipo amatopetsa maberingi. Ine ndimakonda rimu yachitsulo, yosakongola ija, chifukwa ikapindika mnyamata wa matayala pa msika amaiwongola ndi hamala inu n'kukafika kwanu, pamene ya aluminiyamu ikang'aluka yapita. Amene akuganiza zotsikira ku marimu a 16 ayese kaye rimu imodzi kutsogolo, poti pa magalimoto ena imagunda mabuleki.

Tsono yankho lanu ndi ili. Sungani marimu amene muli nawo. Ndalama yonse ipite ku matayala a A/T atsopano, aja oyenda pa tara ndi pa fumbi pomwe, saizi ya pa chitseko, monga BFGoodrich KO2, General Grabber AT3 kapena Dunlop Grandtrek, malinga ndi thumba lanu komanso amene mungawapezenso mosavuta limodzi likaonongeka. Akhale asanu ofanana, sipeya yomwe, chifukwa galimoto yokoka konse sifuna matayala osiyana msinkhu. Apangitseni balansi ndi alayimenti tsiku lomwelo, ndipo mukayenda makilomita 50 kapena 100 mangitsaninso manati. Musanachoke pamalo ogulirapo, tulutsani sipanala yanu ndi jeke wanu, osati za pa shopu, mumasule tayala limodzi ndi manja anu, mutsitsenso sipeya muone ngati tcheni chake sichinachite dzimbiri.