Lauri Törni: msilikali wovala yunifolomu za mayiko atatu

Bambo wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo yofunsa kuti: "Kodi n'zoona kuti ku Finland kunali msilikali amene adamenyera nkhondo mayiko atatu? Ameneyu anali ngwazi kapena waganyu chabe?"

N'zoona, bambo. Dzina lake ndi Lauri Törni, wobadwira ku Viipuri m'chaka cha 1919. Mzinda umenewu lero ndi Vyborg, uli m'manja mwa Russia, ndipo udalandidwa pankhondo zomwe iyeyo adamenya. Mukasunga mfundo imeneyi, zambiri za moyo wake zimveka.

Soviet Union itaukira Finland pa 30 Novembala 1939, Törni anali ndi zaka 20. Adamenya nkhondo kufupi ndi nyanja ya Ladoga, m'nkhalango zozizira koopsa, momwe asilikali ankavala zoyera kuti asaoneke m'chipale. Nkhondo itayambiranso mu 1941 adatchuka zedi. Ankatsogolera gulu lozembera kumbuyo kwa adani, n'kuwakantha modzidzimutsa, kenaka n'kuzimiririka m'thengo. Mu Julayi 1944 adalandira Mannerheim Cross, mendulo yolemekezeka kwambiri kwawoko. Mmodzi mwa anyamata ake anali Mauno Koivisto, amene adadzakhala pulezidenti wa Finland mu 1982.

Koma pali pomwe ine ndimakanika kumuikira kumbuyo. Zoti mu 1941 adakaphunzira zausilikali ku Waffen-SS, gulu lankhondo la chipani cha Hitler ku Germany, ena amati nthawiyo Finland ndi Germany ankagwirizana. Chabwino. Nanga 1945? Dziko lake linali litasiya kale nkhondo ndi Soviet Union mu Seputembala 1944, iye n'kuzemba pa sitima yapansi pa madzi kubwerera ku Germany. Atabwerako khoti lidamugamula zaka zisanu ndi chimodzi pamlandu woukira dziko, ngakhale Pulezidenti Paasikivi adamukhululukira mu 1948.

Kenaka adatulukira ku America, n'kulowa usilikali mu 1954 ndi dzina loti Larry Thorne. Adafera ku Vietnam pa 18 Okutobala 1965, helikopita yomwe adakwera itagwa m'mapiri. Mafupa ake adapezeka mu 1999, ndipo mu 2003 adaikidwa ku Arlington, manda a asilikali ku America.

Waganyu? Sindikuganiza choncho, bambo. Waganyu amatsata ndalama, pomwe uyu kulikonse ankathamangitsana ndi mdani mmodzi yemweyo, chikomyunizimu. Koma mawu oti ngwazi ndimangowagwiritsa ntchito pa zaka zomwe ankateteza kwawo, kuyambira 1939 mpaka 1944.