Maikolofoni ya pakhosi podula mitengo: yankho kwa achimwene a ku Joni

Achimwene ena amene amadula mitengo ku Johannesburg andilembera imelo. Akuti akakhala m'mwamba mwa mtengo, chainsaw ikulira, mnzawo wapansi samva kanthu pa ovaova koma phokoso lokhalokha. Tsiku lina nthambi idagwa mnzawoyo asanachokepo, idangotsala pang'ono kumuphwanya phewa. Akufunsa ngati maikolofoni ya pakhosi ingathetse vutoli.

Achimwene, nkhani yanu yandikhudza, chifukwa apa tikunena za moyo wa munthu. Gulani, koma mudziwiretu chimene mukugula.

Kachipangizoka sikatola mawu mumpweya ayi. Kamakhala ndi timitu tiwiri togunda khosi mbali zonse za kholingo, ndipo kamatola kunjenjemera kwa pakhosi mukamalankhula. Gwirani pakhosi panu munene kuti "aaa", chimene zala zikumvacho n'chimene kamatumiza. N'chifukwa chake pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, ya 1939 mpaka 1945, asilikali a m'ndege ndi m'akasinja ankavala zimenezi. Chainsaw imalira pafupifupi madesibelo 110 (muyeso wa kukula kwa phokoso), pamene 85 yokha ndi yokwanira kuwononga makutu mukamaimva tsiku lonse. Maikolofoni wamba imameza phokoso lonselo, ya pakhosi imalisiya kunja.

Koma pali chinthu chimene ogulitsa sanena kawirikawiri. Mawu ngati s, f ndi t amapangidwira m'kamwa, pa lilime ndi mano, osati pakhosi, choncho amafika ofooka. Tayesani kunena "tsitsa" kenako "siya". Wapansi, amene wagwira chingwe chonyamula chipika, angamve "i-a" pa onse awiri. Ndiye atsitse pang'onopang'ono kapena ataye chingwe? Pamenepo ndi pomwe ngozi imabisala. Musanakwere, gwirizanani mawu ochepa osafanana kamvekedwe, monga "ima", "bwera", "chokapo", ndipo wapansi azibwereza zimene wamva. Asanayankhe, musadule.

Chachiwiri ndi batani. Ovaova imafuna mudine kuti mulankhule, koma manja onse awiri ali pa chainsaw. Ena amatsegula VOX, yoti wailesi izidziyatsa yokha ikamva mawu. Ine sindiikhulupirira m'mwamba. Imadula mawu oyamba, imayaka mukatsokomola kapena mukabuula pokoka chingwe, ndipo ikayaka, mnzanu sangakuchenjezeni chifukwa ovaova imalola mmodzi yekha kulankhula pa nthawi. Bola batani lalikulu lomangirira pachifuwa. Zimitsani makina, dinani, dikirani kamphindi, lankhulani.

Waya adutse mkati mwa malaya kuti asakodwe m'nthambi. Kachubu kopita kukhutu kasatukule chotchinga makutu, apo ayi phokoso lilowera pomwepo. Thukuta likachuluka lamba wa pakhosi amatsetsereka, mawu n'kuyamba kumveka ngati munthu ali m'mgolo, ndiye muzimubwezera pamalo.

Ngati abwana anu angakwanitse, zomvera za Bluetooth zomangirira ku chipewa, monga za kampani ya Sena, zimalola awiri kulankhulana nthawi imodzi osadina kanthu, ndipo kwa wokwera ndikanasankha zimenezo. Mtengo wake ndi wokwera ndithu.

Mukatsimikiza za ya pakhosi, pitani kusitolo ndi ovaova yanu m'manja. Ovaova zambiri za Baofeng zimagwiritsa pulagi ya mapini awiri yofanana ndi ya Kenwood, koma Motorola ili ndi zake. Mukagula, muiyesere pansi kaye, chainsaw ikulira pambali panu, mnzanu ali kuseri kwa nyumba.