Thumba la huva likamangotsekeka ndi fumbi la pulasitala

Sabata yathayi ndalandira imelo ya m'bale wathu wina wa ku Mangochi amene akugwira ntchito yokonza nyumba zakale ku Johannesburg. Anagula makina okoka fumbi, aja timangoti huva, a malita 20. Akuti akamasalaza khoma ndi sandipepa kapena kudula matailosi, ola silitha makina asanafooke, koma akatsegula amapeza thumba silinafike n'komwe pakati. Matumba a pepala akumudyera ndalama. Ndiye akufunsa kuti agule a mtundu wanji, kapena angochotsa thumbalo azikoka chomwecho.

Achimwene, thumba musachotse. Tiyambire pomwepa.

Thumba lija ntchito yake si kusunga zinyalala kokha ayi, ndi sefa yoyamba. Mpweya wonse umene makina akukoka umadutsa m'timabowo ta thumbalo usanafike ku fyuluta ndi ku mota. Utuchi wa pamakina opalira matabwa ndi waukuluukulu, umangogwera pansi n'kuunjikana, mpweya n'kumadutsa bwinobwino. Fumbi la pulasitala ndi simenti ndi nkhani ina. Ndi losalala kuposa ufa woyera, ndipo siligwa, limamatirira m'mbali mwa thumba ngati mwapaka laimu. Tagwirani thumba lanu lakale m'kati ndi chala, mumva kachikhungu kouma kotuwa. N'chifukwa chake makina akufooka thumba lili ndi malo. Mukachotsa thumba, chikhungu chomwecho chipita kukamata fyuluta, imene mtengo wake ndi wa matumba angapo, ndipo lotsala lilowa mu mota.

Pa ntchito yanuyi gulani matumba a fleece. Amaoneka ngati nsalu yoyera yofewa, koma ndi ulusi wapulasitiki woyalidwa kangapo. Fumbi limakodwa m'kati mwa ulusiwo m'malo mongomata pamwamba, choncho makina amakokabe ndi mphamvu nthawi yotalikirapo. Sang'ambika msanga ukalowa msomali kapena kachidutswa ka tailosi, ndiponso safewa fumbi likakhala lachinyezi. Ine ndinaphunzira movutikira. Tsiku lina ndinakoka zinyalala pakhonde pomwe panali patangouma kumene, thumba la pepala n'kuphulikira m'kati osadziwa. Ndinazindikira nditaona kautsi koyera kakutuluka kumbuyo kwa makina, chipinda chimene ndinali nditasesa kale chitayera mbuu, mwini nyumba ataima pakhomo akungondiyang'ana. Matumba a pepala ngabwino pa utuchi wouma ndi zinyalala wamba, basi.

Pogula, yang'anani nambala ya makina anu, osati malita okha. Opanga makinawa, monga Kärcher, Nilfisk, Makita, Bosch ndi Festool, aliyense ali ndi kamwa lakelake la thumba, ndipo kamphete kaja kakapanda kugwira paipi bwino, fumbi limadutsa m'mbali ngati mulibe thumba. Otsika mtengo a makampani ena alipo abwino ndithu, koma yesani limodzi kaye musanagule paketi yonse. Sankhaninso lokhala ndi kotsekera pakamwa, kuti pochotsa fumbi lisakuthireni kumaso.

Tsopano pali china chimene simunafunse, koma n'chimene chandikhalitsa pansi kuti ndilembe zonsezi. Thumba labwino silisandutsa huva wamba kukhala makina a pa ntchito ya zomangamanga. Makina okoka fumbi loopsa anagawidwa m'magulu atatu, ndipo chilembo chake chimamatidwa pathupi pa makinawo: L, M ndi H. A gulu L amaloledwa kutulutsa mpaka 1 peresenti ya fumbi, a M 0.1 peresenti, a H 0.005 peresenti. Fumbi la konkire, njerwa, matailosi ndi miyala lili ndi silica, tizidutswa ta mwala timene timaononga mapapo, ndipo fumbi limeneli limafuna M kapena H. Chimodzimodzi la matabwa olimba ngati mlombwa ndi mbawa, ndi la MDF, matabwa aja opangidwa ndi utuchi wopanikizidwa. Ku Britain bungwe loona za chitetezo pa ntchito la HSE limanena momveka kuti pa ntchito yomanga poyambira ndi M. Makina a M ndi H amakhalanso ndi kochenjeza liwiro la mpweya mu paipi likatsika pansi pa mamita 20 pa sekondi, monga zimachitikira thumba likatsekeka.

Silica ameneyu si mlendo kwa ife. Ndi yemwe uja anawononga mapapo a azigogo athu ambiri amene anapita ku migodi ya golide ya ku Joni komweko ndi Wenela, n'kubwerera kumudzi akubanika. Matenda ake, silicosis, alibe mankhwala, ndipo amatsegulira njira TB. Fumbi limene limavulaza kwambiri ndi lija maso saliona. Ngati ndalama za makina a M sizinakwane, valani chotchinga pamphuno cha mtundu wa FFP3, ndipo podula matailosi muzithirira madzi.

Za asbestos, chomangira chakale chija chimene fumbi lake limaononga mapapo, ndiye musayese n'komwe. South Africa inaletsa mu 2008, koma m'nyumba zakale akadalimo, m'malata aja otuwa, m'siling'i ndi m'mapaipi. Mukakayikira, musadule, musakoke ndi huva wanu. Imeneyo ndi ntchito ya anthu ovomerezeka okhala ndi makina a H.

Pa nkhani ya ndalama, chimene chimapulumutsa matumba kwambiri ndi cyclone, kachipangizo kooneka ngati fanulo kamene mumaika pa chidebe, pakati pa paipi ndi makina. Zinyalala zambiri zimazungulira n'kugwera m'chidebemo, thumba n'kulandira zochepa chabe. Zidutswa zikuluzikulu muziyamba mwawola ndi fosholo. Matumba aja otsegula n'kukhuthula, ogwiritsanso ntchito, ngabwino kwa kalipentala wa utuchi, koma pa simenti ayi, chifukwa pokhuthula mupuma fumbi lomwe lija mumalithawa.

Musadikire kuti thumba lidzaze. Fumbi la simenti limalemera, ndipo thumba la malita 20 likadzaza limatha kung'ambika m'manja ponyamula. Likafika pakati n'kupitirira pang'ono, sinthani. Mukafuna kukoka madzi chotsani thumba kaye, ngakhale la fleece. Ndipo mukadula zitsulo ndi galayinda, dikirani zizizire musanakoke, chifukwa kamoto kamodzi kakagwera m'thumba la utuchi kamanyeka mwakachetechete, n'kudzayaka inu mutaweruka kale.