FUNSANI AMALUME: Makina osemera opachika m'mwamba aja, ndigule kapena ndi matama chabe?

FUNSO: Amalume, ine ndimasema ziboliboli ku Senga Bay, phingo ndi mlombwa makamaka, zida zanga ndi kasemasema, tchizulo ndi tupa. Chaka chatha ndinagula kamakina kotchipa kogwira m'manja kaja koma ndikangokanikiza pa phingo kankalira kenako n'kuima, kutentha kwake osanena, pano kanapsa basi. Achimwene ku Joni akuti andigulire Foredom, ija mota yake imalendewera m'mwamba n'kutsika ndi chingwe. Koma ndaona pa intaneti kuti imazungulira 18,000 pa miniti pomwe Dremel, imene ndi yogwira m'manja, imafika 35,000, nde ndalama zonsezo aonongerenji pa chinthu chochedwa? Wosema, Salima

YANKHO: Mphwanga, manambala amenewo asakupusitse. 35,000 imeneyo amawerenga makina akuzungulira m'malere osakhudza kanthu, koma iwe sumasema mpweya, umasema phingo, mtengo woti ukauponya m'madzi umamira. Chofunika kwa iwe ndi mphamvu yopotola, yoti mano osemera omangidwa kunsonga kwa makina akalowa mu mtengo mota isagonje. Timakina togwira m'manja tija mota yake ndi yaing'ono chifukwa iyenera kukwana m'chikhatho, nde mphamvu yake yonse ili pa liwiro, ukakanikiza liwiro limatsika, kafani kam'kati kamasiya kuziziritsa bwino, fumbi nalo likulowa chifukwa mota ili pomwepo pa ntchito, mapeto ake ndi omwe unawaonawo.

Foredom ndi kampani ya ku Bethel, Connecticut ku America, inayamba mu 1922, ndipo makina ake ndi omwe amisiri a mphete ndi ndolo amadalira kwambiri. Imene achimwenewo akunena mwina ndi SR, ya 1/6 HP (HP ndi muyeso wa mphamvu ya mota), imapita kutsogolo ndi m'mbuyo. Mota ili m'mwamba kutali ndi fumbi, chingwe chake pafupifupi mita imodzi, m'manja mwangotsala kachogwirira kopepuka, ndipo liwiro umaliyendetsa ndi phazi ngati makina osokera. Apa mpamene pali phindu lenileni kwa ine, manja onse awiri ali pa ntchito, ukafika pa diso la chiboliboli kapena pa khutu la njovu umangopepuza phazi osaima n'komwe. Iliponso TX ya 1/3 HP yofika 15,000, waona eti, yamphamvu kwambiri nambala yake ndi yotsikanso. Ngati umasema zikuluzikulu tsiku lonse imeneyo nde yako, ngati thumba la achimwene lilola.

Tsono uwauze asangogula mota n'kuthamangira pa basi. Chogwirira chimene chimabwera kawirikawiri ndi No. 30, chili ndi kamwa yomanga ndi kiyi ngati dirilu, chimagwira mano mpaka 4mm, chabwino pa ntchito zing'onozing'ono. Koma pochotsa nyama yambiri ya mtengo ukufunika 44T imene imalandira mano a tsinde lonenepa la 1/4 inchi. Manowo agule a kabaidi, chitsulo cholimba kwambiri, monga Saburrtooth kapena Kutzall, asakunamize ndi timabokosi ta mano 100 totchipa tija, pa phingo timabuntha msanga n'kumangowotcha mtengo.

Chingwe chija m'kati mwake muli waya wopotana amene amazungulira, ndipo ndi amene amayamba kutha. Umafuna girisi pang'ono ukagwira maola 40 kapena 50, pang'ono ndithu, ukachulutsa amatsikira m'chogwirira n'kumakutenthetsa dzanja. Osachipinda kwambiri pogwira ntchito, pachika mota pamwamba bwino kuti chingwe chizitsika momasuka. Nde poti kuno sipeya wake ndi wovuta, achimwene aikemo waya wina wapadera, girisi ndi makala a mota aja amati ma brush, ndi zotchipa poyerekeza ndi kukhala miyezi osagwira ntchito.

Koma kasemasema usamutaye ayi. Makinawa si osadzulira chipika, yamba ndi manja monga mwa masiku onse, makina alowe pa nkhope, tsitsi, zala ndi posalalitsa. Ndipo fumbi la phingo ndi loipa, limayabwa ndipo ena limawatseka m'chifuwa, vala masiki ndi magalasi, malaya a manja olendewera ayi. Magetsi akathima nayo imagona, paja.

FUNSO: Amalume ndimapanga ndolo ndi mikanda ya zigoba za kokonati ndi nyanga za ng'ombe, kumapeto a sabata basi. Nanenso ndisungire ndalama ya makina odulawa? Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Ayi mayi, ndalamayo gulirani zipangizo. Ntchito yanu ndi kuboola timabowo ndi kupolisha, Dremel wamba ikukwanirani, ndipo pali kachingwe kake kolumikiza, nambala 225, kamene kamakupatsani chogwirira chowonda ngati cholembera. Sikakhala ndi mphamvu ya Foredom koma inu simukuifuna. Pa nyanga tsitsani liwiro, ikatentha imapsa n'kununkha nyumba yonse. Mukadzayamba siliva kapena maoda atachuluka moti mukugwira tsiku lililonse, tidzakambirananso.

FUNSO: Mlamu wanga ali ku America akufuna anditumizire makina a Foredom amenewa, akuti kumeneko ndi otchipako. Pali vuto? Wowerenga, Mzuzu

YANKHO: Lilipo, lalikulunso. Ku America magetsi ndi 120V, kwathu kuno ndi 230V, nde yogulitsidwa kumeneko mukangoilumikiza pa soketi yathu ndi utsi basi, adaputa ya pulagi sisintha mphamvu ya magetsi ngakhale pang'ono. Alamuwo aitanitse ya 230V, ilipo, ndipo aonetsetse kuti chopondera cha phazi nachonso ndi cha 230V chifukwa ziwirizi zimayendera limodzi. Ngati agula kale ya magetsi a ku America, yolembedwa 115V, mufunika thiransifoma yotsitsa magetsi yolemera ndithu, osati timapulasitiki ta apaulendo tija. Yochokera ku Joni kapena ku UK magetsi ake ndi ofanana ndi athu, ya ku UK imalowa pa soketi momwemo, ya ku Joni mungosintha pulagi.