Peugeot 504 kapena Mercedes-Benz 240D: Ndigule iti?

Bambo wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo kunena kuti wapeza magalimoto awiri akale akugulitsidwa, Peugeot 504 ya petulo ndi Mercedes-Benz 240D ya dizilo ya mtundu wa W123, ndipo akufuna kudziwa kuti yamphamvu ndi iti komanso imene ingapirire misewu ya kwathu kuno ndi iti.

Bambo, ngati mukufuna liwiro, nkhani ndi yaifupi. Injini ya malita 2 imene Peugeot inayamba kuika mu 504 mu 1970 imatulutsa mphamvu zopitirira 90 horsepower, ndipo galimotoyo imatha kufika pafupifupi makilomita 160 pa ola. Injini ya 240D ndi yaikulu, ya malita 2.4, koma poyamba inkatulutsa 65 horsepower zokha, kenako 72 kuyambira 1978, pamene galimotoyo ndi yolemera kuposa 504. Imatenga masekondi opitirira 20 kuti ifike makilomita 100 pa ola, choncho kupitirira lole pamtunda kumafuna kuti muone patali ndithu musanayese.

Pamsewu wafumbi ndi pamene 504 inapangira dzina. Inatuluka mu 1968, ndipo masipuling'i ake ndi ofewa, amalola matayala kukwera ndi kutsika kwambiri moti mabampu samveka m'kati. Shafuti yopereka mphamvu kumatayala akumbuyo imadutsa m'chipaipi cholimba chimene chimaiteteza ku miyala ndi matope. N'chifukwa chake inapambana mpikisano wa Safari Rally ku Kenya mu 1975, ndipo ngakhale ku France anasiya kupanga ya saluni mu 1983, ku Kenya ndi ku Nigeria anapitiriza kuilumikiza mpaka zaka za m'ma 2000. Vuto lake lili pa kutentha: mutu wa injini ndi wa aluminiyamu, ndipo ikawira madzi kamodzi kapena kawiri, gasiketi imapsa ndipo mutuwo umatha kupindika.

Mercedes imapambana pa kukhalitsa. Injini yake, yotchedwa OM616, ilibe kompyuta, ilibe mapulagi opereka moto ngati ya petulo, ndipo pampu yake ya mafuta imayenda ndi zitsulo zokhazokha. Ikamasinthidwa oyilo pa nthawi yake imayenda makilomita ochuluka zedi isanatsegulidwe, ndiye chifukwa chake oyendetsa matakisi ku Germany ankaikonda. Imamwanso mafuta ochepa kusiyana ndi 504 ya petulo. Chimene chimasautsa ndi timapaipi ta mpweya timene timakiya zitseko ndi kuzimitsa injini, chifukwa tikatha, mumachotsa kiyi injini n'kumalirabe. Ubwino wina ndi wakuti W123 inkalumikizidwanso ku East London ku South Africa, ndipo zida zake zambiri zimapezekabe.

Kunena chilungamo, ine ndikanatenga Mercedes ngati maulendo anu ambiri ndi apaphula, monga kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, koma ndikanatenga Peugeot ngati mumapita kumudzi m'nyengo yadzinja. Komabe magalimoto onsewa ndi okalamba kwambiri, ndipo onse amadyedwa ndi dzimbiri, makamaka pansi pa zitseko, pansi pa mipando ndi pamene pamakhala jeki. Injini yotopa makaniko amaidzutsa, koma thupi lobooka limadya ndalama zoposa mtengo wa galimotoyo, choncho musanalipire, pitani ndi makaniko wanu akachotse makapeti ndi kuyang'ana pansi pa onse awiri, ndipo yoola pang'onoyo ndiyo mukambirane mtengo wake.